Bowo losaoneka pa echo: lipoti la mayi wa zaka 34 amene anali ndi shunt yaikulu

Mmene anabwerera

Mayi wa zaka 34, wa ana awiri, anatumizidwa kwa ife chifukwa cha phuma limene linkawagwira akakwera masitepe kapena akayenda mofulumira. Nthawi zina mtima unkathamanga mwadzidzidzi kwa mphindi zingapo n'kusiya wokha. Vutoli linayamba pang'onopang'ono atabereka mwana wachiwiri, ndipo kwa nthawi yaitali iwo ankangoti ndi kutopa kwa ntchito ndi kulera. Sasuta fodya, sanadwalepo mphumu kapena chifuwa chachikulu, ndipo miyendo sinatupepo.

Powayeza, BP inali 118/72, mtima ukugunda ka 82 pa mphindi, ndipo kamakina ka pachala kanaonetsa okosijeni wa 97 peresenti. Milomo ndi lilime sizinasinthe mtundu. Nditaika dzanja kumanzere kwa fupa la pachifuwa ndinamva mtima ukukankha, chizindikiro chakuti chipinda chapansi chakumanja chakula. Phokoso lachiwiri la mtima linali logawanika pawiri, ndipo kugawanikako sikunkasintha, kaya apumire mkati kaya kunja. Panalinso mkokomo wofewa kumtunda kwa chifuwa chakumanzere. Mkokomo wotere sumachokera pa bowo. Umachokera pa valavu yopita ku mapapo, imene ikudutsa magazi ochuluka kuposa muyeso wake.

ECG, muyeso wojambula mphamvu ya magetsi ya mtima, inaonetsa rSR' pa V1, maonekedwe amene amapezeka kawirikawiri mbali yakumanja ya mtima ikakula, ndipo mafunde a P anali ozondoka pa II, III ndi aVF, kusonyeza kuti kugunda kwa mtima kukuyambira pansi pa chipinda chapamwamba chakumanja m'malo moyambira pamalo ake a nthawi zonse. Echo ya pachifuwa, sikani yoona mtima pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso, inaonetsa zipinda zonse ziwiri zakumanja zitakula, mtsempha wopita ku mapapo utakula, mbali yakumanzere ili bwino. Khoma la pakati pa zipinda zapamwamba linkaoneka lathunthu. Bowo limene zizindikirozi zinkasonyeza kuti lingakhalepo silinaoneke.

Mayiwa anabwera ndi lipoti la katheta, muyeso wolowetsa kachubu kudzera mu mtsempha mpaka mumtima, umene anapangidwa kwina chaka chapitacho. Lipotilo linali ndi sampulo imodzi ya SVC, mtsempha waukulu wobweretsa magazi kuchokera kumutu ndi m'manja, ndipo okosijeni wake anali 84 peresenti. Ya IVC, wobweretsa magazi kuchokera kumunsi kwa thupi, inali 74. Ya mu mtsempha wopita ku mapapo inali 85. Mapeto a lipotilo anali akuti palibe shunt (magazi osochera pakati pa mbali ziwiri za mtima) yodetsa nkhawa, Qp/Qs (magazi opita ku mapapo kugawa ndi opita m'thupi) ndi 1.2, koma mtima ukupopa magazi ambiri kuposa mmene uyenera kukhalira. Anafufuzidwa chithokomiro, kuchepa kwa magazi ndi chiwindi, zonse zinali bwino.

Nambala ziwiri mu lipotili zinandivuta. Munthu wamkulu amene ali maso ndipo wangogona osachita kanthu, magazi a mu IVC amakhala ndi okosijeni wochulukirapo kuposa a mu SVC, chifukwa impso zimalandira magazi ambiri koma zimatengamo okosijeni wochepa, pamene ubongo umatenga wambiri. Apa zinali zotembenuka, ndipo kusiyana kwake kunali 10. Chachiwiri, magazi obwerera ku mapapo mwa munthu wabwinobwino amakhala pafupifupi 70 mpaka 75 peresenti. Magazi a 85 peresenti mwa munthu amene mbali yakumanja ya mtima wake yakula amafunika kufotokozedwa kuti okosijeniyo wachokera kuti. Tinawafotokozera mayiwa chifukwa chake tikufuna kubwereza katheta, ndipo anavomera.

Maganizo amene ali kuseri kwa muyesowu

Njira yonseyi yakhazikika pa mfundo ya Adolf Fick ya mu 1870. Ngati tikudziwa kuchuluka kwa okosijeni amene thupi likugwiritsa ntchito pa mphindi, ndipo tikudziwa okosijeni amene ali m'magazi olowa ndi otuluka m'chiwalo, tingawerengere magazi amene akudutsa m'chiwalocho. Magazi akamayenda ambiri, lita iliyonse imasintha pang'ono. Akamayenda ochepa, lita iliyonse imasintha kwambiri. Mfundoyi inadikira zaka zambiri kuti papezeke njira yotengera magazi mkati mwa mtima wa munthu wamoyo. Werner Forssmann anadzilowetsa katheta mpaka mumtima mu 1929, André Cournand ndi Dickinson Richards anaisandutsa chida choyezera, ndipo atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 1956. Lewis Dexter ndi anzake, mu 1947, ndi amene anaika malire a kukwera kwa okosijeni kumene kumasonyeza bowo.

Mumtima wabwinobwino magazi opita ku mapapo, amene timawatcha Qp, amafanana ndi opita m'thupi, Qs. Pakakhala njira yolakwika pakati pa mbali ziwirizi, magazi ofiira ochokera ku mapapo amalowa mbali yakumanja n'kubwereranso ku mapapo asanagwire ntchito iliyonse. Ndiye tikamayenda ndi katheta kuchokera m'mitsempha ikuluikulu, kulowa m'chipinda chapamwamba, chapansi, mpaka mu mtsempha wa ku mapapo, pamalo pamene magazi ofiirawo akulowera okosijeni amadumpha. Malo a kudumphako amatiuza pamene pali vuto, kukula kwake kumatiuza kuchuluka kwa magazi osochera. Malire amene ambiri timagwiritsa ntchito lero anachokera ku ntchito ya Antman ndi anzake mu 1980: kukwera kwa 7 peresenti kapena kuposa pa chipinda chapamwamba, ndi 5 peresenti pa chipinda chapansi kapena pa mtsempha wa ku mapapo.

Malire a chipinda chapamwamba ndi okwera chifukwa magazi amene amafika mmenemo sanasakanikirane. A mu SVC ali ndi muyeso wawo, a mu IVC wawo, ndipo a mu coronary sinus, ochokera mu minofu ya mtima weniweniwo, ndi akuda kuposa onse. Zimakhala ngati mitsinje iwiri ikakumana, wina wamatope wina woyera: madziwo amayenda limodzi mtunda ndithu, aliwonse mbali yake, ndipo wotunga pafupi ndi pokumanirapo amapeza zosiyana malinga ndi gombe limene waima. Mu IVC momwemo muli vuto lomweli. Katheta ikayang'ana ku mitsempha ya impso nambala imakwera, ikalowa mu mtsempha wa chiwindi imatsika.

Mmene tinatengera masampulo

Mayiwa anali maso, atangopatsidwa mankhwala ochititsa dzanzi pa ntchafu, akupuma mpweya wamba. Sitinawapatse okosijeni wowonjezera kapena mankhwala ogonetsa, ndipo izi tinachita dala. Mankhwala ogonetsa amachepetsa kupuma n'kutsitsa okosijeni wa m'magazi ofiira, zimene zingaoneke ngati magazi akuda akuwolokera kumanzere pamene sakutero. Okosijeni wowonjezera amasungunuka m'madzi a m'magazi, ndipo kamakina koyeza peresenti sikamuona, ndiye masamu amasokonekera.

Tinalowera pa mtsempha wa pa ntchafu yakumanja, n'kukankha katheta mpaka mu mtsempha wa ku mapapo, kenako tinayamba kutenga masampulo pobwerera m'mbuyo. Tisanatenge sampulo iliyonse tinkayamba takoka magazi otsalira m'chubu n'kuwataya, ndipo sirinji iliyonse tinkaichotsa mpweya nthawi yomweyo, chifukwa kathovu kamodzi kamakweza nambala ya magazi akuda. Zonse tinamaliza mkati mwa mphindi zisanu ndi ziwiri. Liwiro limeneli n'lofunika, pakuti wodwala akayamba kuda nkhawa, kutsokomola kapena kusinza pakati pa ntchitoyi, masampulo oyamba ndi omaliza amakhala a mitima iwiri yosiyana.

Mu mtsempha waukulu wa ku mapapo tinapeza 85, nthambi yakumanja 85, yakumanzere 84. M'chipinda chapansi chakumanja 85. M'chipinda chapamwamba, pansi 83, pakati 85, pamwamba 87. IVC pa mulingo wa nembanemba yolekanitsa chifuwa ndi mimba inali 74, monga mmene zinalili mu lipoti lakale. Magazi a mu mtsempha wa padzanja anali 97.

Mu SVC sitinatenge sampulo imodzi. Pansi penipeni, polowera mumtima, tinapeza 84. Titakweza katheta masentimita angapo tinapeza 79. Titafika pamwamba, pamene mitsempha iwiri ya brachiocephalic imakumana, tinapeza 66. Tinabwereza sampulo yapamwambayi ndipo inatuluka 66 kachiwiri. Magazi akewo ankaoneka ndi maso kuti ndi akuda kuposa a m'masirinji ena onse a mbali yakumanja.

Potsika, nsonga ya katheta inakhotera kumanja kwa wodwala n'kutuluka kunja kwa mthunzi wa mtima, kulowera m'papo. Sampulo ya mmenemo inali 98. Umenewu unali mtsempha wa papo lakumanja umene umayenera kuthira magazi m'chipinda chapamwamba chakumanzere, koma unkathira mu SVC.

Masamu

Chofunika choyamba ndi magazi akuda osakanikirana, amene akuimira thupi lonse asanakumane ndi magazi ofiira osocherawo. Mwa munthu wopanda shunt timangotenga a mu mtsempha wa ku mapapo. Pakakhala shunt pa chipinda chapamwamba timayenera kubwerera kumbuyo kwake, ku mitsempha iwiri ikuluikulu, ndipo fomula ya Flamm ya mu 1969 ndi imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri: SVC katatu, kuphatikiza IVC kamodzi, kugawa ndi 4.

Ndi sampulo yapamwamba: (3 × 66 + 74) ÷ 4 = 68.

Qp/Qs imapezeka pogawa kusiyana kwa mbali ya thupi ndi kusiyana kwa mbali ya mapapo. Pamwamba, magazi ofiira a m'thupi kuchotsera magazi akuda osakanikirana. Pansi, magazi ochokera ku mapapo kuchotsera opita ku mapapo.

(97 − 68) ÷ (98 − 85) = 29 ÷ 13 = 2.2

Ndi sampulo yapansi ya 84, fomula yomweyo imapereka 81.5, ndipo Qp/Qs imakhala 15.5 ÷ 13, kutanthauza 1.2. Ndi nambala yeniyeni ya mu lipoti lakale lija. Amene analilemba sanaphonye masamu, ndipo kamakina kawo sikananame. Sampulo yawo inatengedwa kumunsi kwa pamene mtsempha wosocherawo umalowera, ndiye magazi amene anawatcha akuda anali atasakanikirana kale ndi ofiira. Popeza fomulayi imawerengera SVC katatu, cholakwika cha pamenepo chimalemera katatu kuposa cha mu IVC. Kukwera kwa okosijeni kuchokera pa 81.5 kufika pa 85 sikufika pa malire a 7, pamene kuchokera pa 68 kufika pa 85 ndi 17, kumene palibe angakutsutse.

Ubwino wa Qp/Qs ndi wakuti sifuna kudziwa himogulobini kapena okosijeni amene thupi likugwiritsa ntchito, popeza ziwirizi zimafafanizika pamwamba ndi pansi. Koma kuti tidziwe malita enieni timazifuna. Himogulobini inali magalamu 13.0 pa desilita. Galamu iliyonse imanyamula pafupifupi mamililita 1.36 a okosijeni, choncho lita imodzi ya magazi awo itadzaza ikhoza kunyamula mamililita 176.8. Kukula kwa thupi lawo kunali masikweya mita 1.6, ndipo tinagwiritsa ntchito muyeso wongoyerekeza wa mamililita 125 pa mphindi pa sikweya mita, zimene zinapereka 200. Ndikunena mosabisa kuti nambala iyi ndi yofooka kuposa zonse mu lipotili, chifukwa mwa munthu mmodzi ikhoza kusiyana ndithu ndi yeniyeni. Kumene kuli chida choyezera mpweya umene wodwala akupuma, kuyeza ndi kwabwino kuposa kuyerekeza.

Qp = 200 ÷ (0.13 × 176.8) = malita 8.7 pa mphindi.
Qs = 200 ÷ (0.29 × 176.8) = malita 3.9 pa mphindi.

Malita pafupifupi 4.8 pa mphindi iliyonse ankangozungulira pakati pa mtima ndi mapapo, ochuluka kuposa amene ankafika m'thupi lonse. Apa ndi pamene chinsinsi cha mtima wopopa kwambiri chinatha. Ndi sampulo yapansi ija Qs imatuluka malita 7.3, n'chifukwa chake anafufuzidwa chithokomiro ndi chiwindi. Thupi lawo silinkalandira magazi ochuluka ayi. Mapapo ndi amene ankalandira. Magazi akuda owolokera kumanzere analibe, popeza kusiyana kwa 98 ndi 97 kuli mkati mwa kuphonya kwa kamakina.

Kodi mapapo anali atawonongeka?

Funso ili ndi limene limagamula ngati munthu angapangidwe opaleshoni. Mitsempha ing'onoing'ono ya m'mapapo ikakhala zaka zambiri ikulandira magazi opyola muyeso imakhuthala n'kuchepa. Zikafika poipa, presha ya kumanja imaposa ya kumanzere, magazi amatembenuka, munthu amasintha mtundu, ndipo bowo limene linali vuto limasanduka potulukira pa mtima wopanikizika. Amenewa ndi matenda a Eisenmenger, ndipo kutseka bowo pa nthawi imeneyo kumafupikitsa moyo.

Presha ya m'chipinda chapamwamba chakumanja inali 7. Ya mu mtsempha wa ku mapapo inali 42/18, pakatikati 26. Ya wedge, imene imaimira chipinda chapamwamba chakumanzere, inali 10. Nambala ya 26 ndi yokwera, popeza malire a masiku ano ndi 20. Koma presha imakwera pa zifukwa ziwiri zosiyana kotheratu, njira ikachepa kapena magazi akachuluka, ndipo chimene chimalekanitsa ziwirizi ndi PVR, muyeso wa mmene mitsempha ya m'mapapo ikutchingira magazi: kusiyana kwa presha kugawa ndi magazi odutsa m'mapapo.

(26 − 10) ÷ 8.7 = mayunitsi a Wood 1.8

Malangizo a European Society of Cardiology a mu 2020 amalimbikitsa kutseka bowo ngati chipinda chapansi chakumanja chakula ndipo PVR ili pansi pa 3. Pakati pa 3 ndi 5 pamafunika kuganizira bwino, ndipo Qp/Qs iyenera kuposa 1.5. Kuyambira pa 5 kupita m'mwamba nkhani imasintha kwambiri. Mayiwa anali m'gulu loyamba mosakayikitsa.

Pali msampha umodzi apa umene ndimauona kawirikawiri kwa ophunzira. Pa PVR timagawa ndi Qp, osati Qs. Wina akagawa 16 ndi 3.9 amapeza 4.1, ndipo mayi amene mapapo ake ali bwino amaikidwa m'gulu lokayikitsa, mwina n'kuyambitsidwa mankhwala otsegula mitsempha ya m'mapapo amene angowonjezera magazi osochera. Makompyuta ambiri a m'chipinda cha katheta amatenga nambala imodzi ya mapopedwe a mtima n'kuigwiritsa ntchito paliponse, choncho pakakhala shunt ndimakonda kuwerengera ndi pensulo. Njira yoyeza mapopedwe a mtima ndi madzi ozizira nayonso siyodalirika mwa odwala otere.

Pamene muyesowu umalephera

Ndimaikhulupirira njira imeneyi, koma ndimadziwanso pamene imathera. Makina oyeza okosijeni amatha kuphonya ndi peresenti imodzi kapena ziwiri. Mwa mayiwa, nambala ya ku mapapo ikanakhala 84 kapena 86 m'malo mwa 85, Qp/Qs ikanakhala 2.1 kapena 2.4, ndipo chigamulo sichikanasintha. Koma shunt ikakula kwambiri moti magazi opita ku mapapo afika pa 93, pansi pa fomula pamatsala 5 yokha, ndipo kuphonya kwa peresenti imodzi kumasuntha yankho kwambiri. N'chifukwa chake ambiri timangolemba kuti yaposa 3, osanamizira kuti tikudziwa kusiyana kwa 4 ndi 5. Mbali inayo, shunt yaing'ono ya pansi pa 1.3 imabisala m'kusinthasintha kwachibadwa kwa magazi, makamaka mwa munthu amene thupi lake likulandira magazi ambiri, popeza magazi ake akuda amakhala ofiirira kale.

Komanso okosijeni amatiuza pamene magazi ofiira aonekera, osati njira imene adzera. Kukwera pa chipinda chapamwamba kungachokere ku bowo la pakhoma, ku mtsempha wa papo wosochera, ngakhale ku bowo la zipinda zapansi limene magazi ake akubwerera m'mwamba kudzera pa valavu yodontha. Pamenepa zithunzi zimafunika.

Zithunzi ndi opaleshoni

Echo yodzera kum'mero inaonetsa bowo pamwamba penipeni, pamene SVC imalowera mumtima, SVC itakhala ngati yatangadza zipinda zonse ziwiri zapamwamba. Ili ndi bowo la mtundu wa sinus venosus, limene limapezeka mwa 5 mpaka 10 pa mabowo 100 aliwonse a zipinda zapamwamba. Lili kumbuyo ndi kumtunda, kunja kwa chigawo cha khoma chimene echo ya pachifuwa imaona bwino mwa munthu wamkulu, ndipo nthawi zambiri limayenda limodzi ndi mitsempha yosochera ya papo lakumanja. Sikani ya MRI inaonetsa mitsempha iwiri, wa chigawo chapamwamba ndi wa chapakati, ikuthira mu SVC, ndipo inayeza Qp/Qs ya 2.1, yogwirizana bwino ndi yathu. Masiku ano MRI ikhoza kupereka yankho limeneli popanda katheta. Mwa mayiwa katheta inali yofunikabe chifukwa cha presha ndi PVR, zimene sikani singayeze mwachindunji.

Bowo la mtundu uwu silitsekeka ndi kachida kooneka ngati batani kamene timagwiritsa ntchito pa mabowo a secundum, a pakati pa khomalo, chifukwa lilibe m'mphepete mogwira, ndipo kulitseka kokha kungasiye mitsempha yosocherayo ikuthirabe kumanja. Odwala ena amathandizidwa ndi stent yokutidwa, kachubu ka waya koikidwa mu SVC, koma titakambirana ndi madokotala a opaleshoni tinaona kuti mtsempha wapamwambawo ukulowera patali kwambiri ndi mtima. Anasankha opaleshoni ya Warden, yofotokozedwa mu 1984. SVC imadulidwa kumtunda kwa mitsempha yosocherayo, chigawo chapamwamba chimasokedwa ku kansonga ka chipinda chapamwamba chakumanja, ndipo chigawo chapansi chimatsekedwa pamwamba n'kusanduka ngalande yotengera magazi a m'mapapo kudzera pa bowo lomwelo kupita kumanzere, mothandizidwa ndi chigamba. Njirayi imapewa kucheka pafupi ndi sinus node, pamene kugunda kwa mtima kumayambira.

Ndikuwafotokozera zonsezi, mayiwa anafunsa kuti, "Ndiye adokotala, bowoli ndinabadwa nalo? Nanga bwanji ana onse awiri ndinabereka bwinobwino?" Ndinawayankha kuti inde mayi, munabadwa nalo, ndipo anthu ambiri otere amafika zaka 30 kapena 40 osadziwa kanthu, chifukwa mbali yakumanja ya mtima imapirira magazi ochuluka kwa nthawi yaitali isanayambe kutopa. Anafunsanso ngati ana awo ayenera kuyezedwa, ndipo tinakonza zoti aonedwe.

Opaleshoni inayenda bwino. Pa tsiku lachiwiri mtima unagunda mosalongosoka kwa maola angapo n'kubwerera ndi mankhwala. Patatha miyezi 6 phuma linali litatha, phokoso lachiwiri la mtima linkasintha ndi kupuma monga mwa munthu aliyense, ndipo chipinda chapansi chakumanja chinali chitachepa ngakhale sichinabwerere kwenikweni pa msinkhu wake. Msoko wa SVC ndi ngalande ya magazi a m'mapapo zinali zotseguka. Tipitiriza kuwaona chaka ndi chaka ndi echo ndi ECG, tikuyang'anira kuchepa kwa malo osokedwawo, kufooka kwa sinus node, ndi kuthamanga kwa mtima, kumene kumatha kubwerera mwa anthu amene bowo lawo latsekedwa atakula kale. Tinawauza kuti akaona nkhope kapena manja zikutupa, makamaka m'mawa, abwere osadikira tsiku lawo.